Mwendo Wotentha wa Komadre Zenaida

Kuno ku Santa Maria ntchito ya munthu umaidziwira potsika galimoto. Wotchola sitiroberi satsika ngati anthu ena onse. Amayamba watulutsa mwendo umodzi, n'kuugwira pabondo, n'kuudikira kuti uvomere, kenako ndiye amaitana unzakewo. Amene amagula zipatsozi m'masitolo amati n'zokoma, ndipo sanama. Koma ndani anawauza kuti chipatso chimenechi chimabala pansi penipeni, ndi kuti wochitchola amawerama ndi kunyonyomala kuyambira nkhungu isanachoke mpaka dzuwa litapendeka? Msana umalira, inde, koma msana uli ndi mwayi chifukwa aliyense amaumvera chisoni. Bondo limatha mwakachetechete, ndipo limayambira kuseri, m'nkhongono, kumene mwiniwake sangathe kuonako.

Otilia Merino anatchola zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anatsika kumapiri a ku Oaxaca n'kuwoloka malire a dziko ali mtsikana, kutsatira mwamuna wake Rutilio. Rutilioyo chaka china anapita kumpoto kukatchola maapulo, ndipo maapulowo akutcholabe mpaka lero pakhomo pa mkazi wina. Otilia sanamulire masiku ambiri. Panali ana awiri oti adye ndi mizere yoti amalize.

M'munda sanachotsedwemo ndi kapitawo. Linamuchotsa ndi bondo lake lamanzere. Kuseri kwake kunatupa kathumba ka madzi, kofewa, kakakulu ngati dzira la nkhuku. Akaima chilili kankangothina, koma akati apinde mwendo kankabaya mpaka misozi. Dokotala wa pakiliniki anamuuza kuti kafupa kofewa ka m'kati mwa bondo kanang'ambika kalekale, ndiye bondolo likutaya madzi cha kumbuyo. Madziwo anawapopa, ndipo patapita miyezi iwiri anabwerera ndi anzawo. Kuyambira pamenepo Otilia anatha zaka khumi ndi ziwiri osagwada. Ngakhale m'tchalitchi, anthu akamagwada iye ankangotsetsereka m'mphepete mwa benchi n'kuweramitsa mutu, n'kumati Mulungu akudziwa amene anadya bondolo.

Bondo litapita anatsala ndi manja. Bambo ake kumudzi ankawongola miyendo ya nyulu ndi abulu, ndipo ankathandizanso anthu pambuyo pake nthawi ikatsala. Otilia anakula akuwagwirira nyuluzo, ndipo zala zake zinaphunzira zinthu zimene mutu wake sunkadziwa kuti ukudziwa. Choncho anasesa galaja ya nyumba imene ankachita lendi, nagoneka chitseko chakale pa mabokosi, nayalapo matiresi. Anaika benchi ya odikira ndi chinsalu chotchinga pakati. Chinsalucho chinkatchinga maso okha, makutu ayi.

Lamlungu masana benchi ija inkadzaza, ndipo m'galajamo munkamveka ngati mukuphedwa mbuzi.

"Mayo ine! Doña Otilia, mukundipha!" ankakuwa choncho Celestino, chimunthu chimene kumunda chinkanyamula mabokosi awiri nthawi imodzi.

"Takhalani chete, bambo wamkuluwamkulu. Nyulu ya bambo anga inkapirira kuposa inu."

"Nyuluyo inalibe mkazi pabenchi woti aziiseka!"

"Wongolani mwendo. Munkathamangira chiyani m'matope? Sitiroberi ali ndi miyendo?"

Ululu wa m'nkhongono Otilia ankaudziwa ngati mayi adziwa kulira kwa ana ake. Wambiri unali wonga wa Celestinowu, wa mtsempha wokokeka pothamanga ndi bokosi lodzaza. Umenewo ankausangalalira chifukwa unkamvera manja. Ankathira mafuta, n'kuzika zala ziwiri zazikulu mu katumba, n'kukankha mwamphamvu kuchokera kuchidendene kukwera kuntchafu. Bambo ake anamuphunzitsa kuti ululu sumautsitsa, umauthamangitsira kumtunda, cha kumtima, kumene magazi amakautsuka. Kathumba ka madzi konga kake komwe ankangokazungulira osakadinikiza. Bondo lolira khekhe, lokana kuwongoka munthu akadzuka ponyonyomala, ankalitonthoza chabe, ndipo mwiniwake ankamuuza mosabisa kuti chong'ambika m'kati sichisokedwa ndi mafuta.

Anali ndi mwambo wake, umenenso unali wa bambo ake. Mtengo sankatchula, munthu ankasiya chimene mtima wake wamuuza m'kambale ka pakhomo. Ndipo wobwera ndi ululu sankabwezedwa chimanjamanja. Aliyense ankakhudzidwa, ndipo aliyense ankatuluka ndi kabotolo ka mafuta amene Otilia ankaphika yekha ndi maluwa achikasu ouma ochokera kumapiri a kwawo. Ichi ndicho ankanyadira. Kuchipatala amakufunsa mapepala asanakufunse pamene pakupweteka, koma kwa Otilia ayi.

Mtundu umodzi wokha wa ululu sanauphunzire kwa bambo ake. Chaka china nesi wina wachitsikana anaitana onse otikita anthu kuti akumane m'holo ya tchalitchi. Otilia anapita chifukwa anamva kuti kukakhala khofi ndi buledi, komanso kuti akamuyang'ane bwino mwana wadzulodzulo wofuna kumuphunzitsa mwendo. Nesiyo sananyoze ntchito yawo. Anangoti, "Chimodzi chokha ndikupempheni, amayi ndi abambo. Mukapeza mwendo umodzi watupa kuyambira m'nkhongono kutsikira ku katumba, watentha, khungu likunyezimira, musaukhudze. M'mtsempha muli magazi oundana. Mukatikita, chibuma chimenecho chimathothoka n'kuyenda mpaka m'mapapo, ndipo munthu amafa ali chiimire. Ameneyo n'ngwa kuchipatala tsiku lomwelo." Otilia anatsonya chamumtima, namaliza buledi wake. Koma mawuwo anamukanirira. Panapita zaka zisanu ndi ziwiri asanakumane ndi mwendo wotere, ndipo tsiku limene anakumana nawo unali wa munthu amene sakanatha kumukana.

Zenaida Galindo anali wa mudzi umodzi ndi Otilia, wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi ndi zisanu. Atangofika kuno anagona pansi m'chipinda cha Otilia nyengo yonse yozizira. Chaka chimene bondo la Otilia linayamba kukana, Zenaida ndiye ankamaliza mzere wake n'kubwerera chakumbuyo kudzatchola wa mnzakeyo kuti kapitawo asazindikire, ndipo anachita zimenezi mpaka nyengo yotchola inatha. Zaka zingapo izi zisanachitike, atabereka mwana wamkazi, Noemi, anapempha Otilia kuti amunyamulire ku ubatizo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kuitanana kuti komadre. Kwathu ubale umenewu umalemera kuposa wa magazi. Mchemwali wako ukhoza kumutukwana m'mawa n'kudya naye madzulo. Komadre sutukwana, sumukwezera mawu, ndipo akakupempha chinthu pamaso pa anthu sumukana.

Chaka chimenecho Noemi anali kukwatiwa. Pokonzekera ukwatiwo, Zenaida ndi mwamuna wake Gaudencio anapita kumpoto kukatchola mabulosi kwa masabata asanu ndi limodzi. Pobwerera anapakirana anthu khumi ndi mmodzi m'vani imodzi, ulendo wa usana ndi usiku. Zenaida anakhala kumbuyo kwenikweni, miyendo itapindika, chikwama chili pamwamba pake, ndipo dalaivala sankafuna kuima chifukwa choopa ofunsa mapepala m'njira. Anafika Lachinayi, Lachisanu anali kale m'munda wa sitiroberi. Lamlungu masana analowa m'galaja ya Otilia akutsimphina, ukwati utatsala masiku asanu ndi limodzi. Gaudencio anatsala panja ndi amuna anzake, mitu ili m'injini ya galimoto ya munthu wina.

"Komadre, ndabwera ndi mwendo wanuwu," anatero Zenaida akudzikweza pamatiresi. "Ndikangoti ndipinde, kuseri kwa bondoku kukukoka ngati mwamangidwa chingwe. Taukonzani, Loweruka ndikufuna kuvina mpaka apongozi anga achite manyazi."

Otilia anaseka, nakweza siketi ya mnzakeyo, naika dzanja m'nkhongono. Kuseka kunathera pomwepo. Mwendo unali wotentha ngati chikho cha khofi. Katumba anali atatupa, atalimba, khungu lili nyezinyezi. Anagwira mwendo winawo: wozizira, wofewa, wabwinobwino. Anagwiranso woyamba uja, mwina dzanja lanama. Dzanja silinaname.

"Komadre," anatero motsitsa mawu, "mwendo uwu si wa manja anga."

"Iii, mwayamba liti kusankha miyendo? Wa Celestino wonunkha uja mwaugwira bwinobwino."

"Sindikuseka. Muli magazi oundana umu. Ndikatikita akhoza kuthamangira m'mapapo. Pitani kuchipatala lero lomwe, osati mawa."

"Kuchipatala?" Zenaida anadzuka ndi chigongono. "Akandigoneke sabata yathunthu, uku akundifunsa kuti ndinalowa bwanji m'dziko muno? Nanga msuzi wa *mole* wa anthu mazana atatu aphika ndani? Apongozi anga aja? Aphike madzi a tomato, anthu akatiseke mpaka kumudzi?"

"Ndiphika ine."

"Inu ndi bondo lanulo? Komadre, ine ndakhala m'vani tsiku lonse, mtsempha wafupika, basi. Kodi kathumba kanu kaja kanakuphani? Si muli pano?"

"Ichi si kathumba."

Apa Zenaida anakweza mawu, osati mokalipa, koma mokwanira kuti adutse chinsalu. "Ndiye mukundibweza, komadre? Ine?"

Pabenchi panali anthu anayi, ndipo onse anasiya kulankhula nthawi imodzi. Otilia anamva chete ameneyo. Anadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhani idzakhala itafika m'nyumba zonse za anthu a kwathu, ndipo mawa lake kumudzi komwe pafoni: Otilia wabweza komadre wake, mkazi amene anamutcholera mizere chaka chathunthu, sabata ya ukwati wa mwana amene iye mwini anamunyamula. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Otilia mwambiwo ankaudziwa, koma anatsegulabe botolo.

Anaganiza kuti wapeza nzeru. Anathira mafuta m'manja n'kungopaka pamwamba pa khungu, mopepuka, osadinikiza ngakhale pang'ono, kuti a pabenchi amve fungo la mafuta n'kudziwa kuti komadre wathandizidwa.

"Koma lero ndiye mukundisisita ngati mphaka," anatero Zenaida. "Mphamvu zonse zathera pa Celestino?"

Atatsika pamatiresi anatambasula dzanja, monga ankachitira aliyense, kudikira kabotolo kake. Chinsalu chinali chitatsegulidwa kale ndipo maso a anthu anayi aja anali pa iwo. Otilia anatenga kabotolo pashelefu n'kumupatsa.

"Muzingopaka pamwamba," anamunong'oneza. "Osatikita, mwamva? Osadinikiza. Ndipo kuchipatala mupite."

"Ndamva, ndamva. Ukwati ukangotha, Lolemba lake ndine woyamba pakhomo pawo. Koma amuna angawo, a kompadre anu, musawauze kanthu. Mukuwadziwa mantha awo, angaimitse zonse. Mwandilonjeza, eti?"

Otilia sanayankhe, ndipo kwathu kusayankha kwa komadre ndi kuvomera.

Lolemba anaimba foni, Zenaida nati ali m'munda, sangalankhule. Lachiwiri madzulo Otilia anakwera basi n'kupita yekha. Anapeza kuseri kwa nyumba kuli amayi asanu ndi mmodzi akukazinga tsabola, utsi uli tolotolo, aliyense akutsokomola ndi kuseka. Zenaida anali pampando, mwendo atausanjika pa ndowa, akulamula ngati kapitawo. Otilia anawerama n'kuugwira. Unali utatupa kuposa Lamlungu.

"Komadre, chonde."

"Shh. Tadyani kaye," anatero Zenaida, namufumbatitsa *tortilla* yotentha, kabuledi kathu kopyapyala ka chimanga. "Masiku anayi okha. Kodi mwendo umene wapirira zaka makumi awiri ungalephere masiku anayi?"

Pochoka Otilia anaperekezedwa ndi Gaudencio. Anali munthu wofatsa, wa manja akuluakulu ngati mafosholo, amene mkazi wake akayetsemula ankathamangira bulangete. Pachipata anati, "Mwatithandiza, komadre. Akuti kukupepukako." Otilia anatsegula pakamwa. Mawu anali pomwepo, okonzeka: tengani galimoto, muwanyamule ngakhale akukana. Koma Gaudencio anali atavula kale chipewa chatsopano chimene anagulira ukwati, akumuonetsa m'kati mwake, nkhope ili ngwee ngati ya mwana.

"Chipewa chabwino, kompadre," anatero Otilia, nakwera basi. M'njira yonse ankadziuza kuti masiku anayi si ambiri. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Lachinayi m'mawa nkhungu isanachoke, Zenaida anadzaza bokosi lake, nalinyamula, nayamba kuthamanga nalo kupita kumapeto kwa mzere monga timachitira tonse. Pakati pa njira anaima. Amene anali pafupi amati bokosilo analitula pansi bwinobwino, mosamala, kuti zipatso zisaphwanyike. Kenako anagwira pachifuwa, nati, "Mpweya," n'kukhala pansi m'matope. Milomo inatuwa. Ambulansi inazungulira kwa kanthawi chifukwa minda ilibe manambala ngati nyumba, ndipo pamene inkafika kuchipatala Zenaida anali atapita. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

*Mole* uja anaphikidwabe, koma anadyedwa pamaliro. Pepala la kuchipatala linati magazi oundana anatseka m'mapapo. Noemi analiwerenga mokweza, ndipo bambo ake anagwirapo liwu limodzi lokha, mapapo. Anati ndi nkhungu ya m'mawa ija, ena anati ndi utsi wa tsabola, ena mankhwala opopera m'munda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za mwendo, pakuti mwendo ndi mapapo zikugwirizana pati? Amene ankadziwa njira yochoka m'nkhongono kukafika m'chifuwa anali Otilia yekha. Chisoni chinamudya, koma anali ndi kamtengo kamodzi kotsamira. Ankadziuza kuti: ine sindinadinikize. Ndinangopaka. Chibumacho chinathothoka chokha, ndipo chikanathothoka ngakhale ndikanamubweza.

Thupi linatumizidwa kumapiri pa ndege. Kunyumba kunatsala mtanda wa njereza umene timathira pansi m'chipinda cha womwalira, wozunguliridwa ndi maluwa ndi makandulo. Pamtanda umenewo timapemphera kolona masiku asanu ndi anayi. Tsiku lomaliza munthu mmodzi wosankhidwa ndi banja amausesa, kuwolera njereza yonse m'kabokosi, kuti mzimu wa malemu unyamuke upite. Ntchito imeneyi, imene timati kudzutsa mtanda, ndi ulemu waukulu, ndipo imagwiridwa chogwada.

Pa tsiku lachisanu la mapempherowo, masana, Gaudencio anafika kugalaja atanyamula buledi ndi makandulo awiri, monga amachitira munthu wodzapempha. Anakhala pabenchi, chipewa chakale chili pamawondo.

"Komadre, ine ndi Noemi tagwirizana. Mtanda wa malemu mukadzutse ndinu. Palibe wina amene ankamukonda ngati inu."

"Kompadre, bondo langa mukulidziwa. Pali ena oyenera."

"Tikakuikirani pilo. Musatikane."

Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo kaja. Munalibe kanthu, ngakhale dontho.

"Ndati ndikubwezereni, mwina mungathiremo a wina. Anatithandiza kwambiri mafuta amenewa."

Otilia anayang'ana kabotoloko. Mafuta ongopaka pamwamba akanakwana mwezi wathunthu. "Atha bwanji msanga chonchi?"

"Ndinkamutikita tsiku lililonse tikaweruka," anatero Gaudencio, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mkazi wake anamwetulira pang'ono. "Iye ankati, komadre wakalamba, akungondisisita ngati mphaka, bwera iwe wa manja enieni. Ndiye ine ndakhala ndikukuonani zaka zonsezi, si choncho? Ndinkachita monga muchitira inu. Zala ziwiri zazikuluzi mu katumba, kukankha kuchokera kuchidendene kukwera kumtunda, cha kumtima. Ankalira, koma ankati ndipitirize. Lachinayi lija ndinamutikitanso m'mawa tisananyamuke, mwamphamvu ndithu, kuti athe kugwira ntchito." Anatambasula manja ake akuluakulu aja n'kuwayang'ana. "Chimene chimanditonthoza n'chimenecho, komadre. Mapapowo sindikanatha kuchitapo kanthu. Koma mwendo wokha ndinamusamalira mpaka tsiku lomaliza."

Kamtengo kaja kanathyoka. Otilia anagwira m'mphepete mwa matiresi. Mafuta anali ake, katikitidwe kanali kake, ndipo chete wa pachipata uja anali wake. Bambo uyu anangobwereketsa manja. Akanamuuza tsopano, akanamulanda chinthu chimodzi chokha chimene chinkamudzutsa m'mawa, n'kumusiyira manja oti aziwaopa moyo wake wonse. Akanapanda kumuuza, ndiye kuti katunduyo asenza yekha mpaka kumanda.

"Ndibwera, kompadre," anatero. "Pilo musavutike nayo."

Tsiku lachisanu ndi chinayi linali Loweruka, sabata imodzi chipitire tsiku limene Zenaida anati adzavina. Anthu anadzaza m'nyumba mpaka pakhonde, ambiri asanavule n'komwe nsapato za kumunda. Mipando anaitulutsa. Pakati pa chipinda panali mtanda woyera uja, maluwa atayamba kufota. Wotsogolera mapemphero anapatsa Otilia kaburashi ndi kabokosi, nayambitsa nyimbo.

Otilia anapinda bondo lamanja, kenako lamanzere, limene linali lisanakhudze pansi kwa zaka khumi ndi ziwiri. Kathumba ka m'nkhongono kanathina, kanathina, ndipo ululu unakwera mpaka m'mano. Noemi anamukankhira pilo, iye anaikankhira pambali. Anayamba kusesa kumutu kwa mtanda monga mwa mwambo, pang'onopang'ono, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi pemphero lake ndipo sathamangira. Anasesa dzanja lamanja. Anasesa lamanzere. Pofika kumapazi anayenera kukwawa ndi mawondo, ndipo pamenepo anamva kanthu kakuphulika kuseri kwa bondo, madzi otentha n'kutsikira m'kati mwa katumba. Kathumba kaja kanali kataphulika. Thukuta linagwera pa njereza. Anthu ankaona misozi yake n'kumati, taonani chikondi cha komadre.

Pomalizira anasesa pakati, pamtima pa mtanda, natseka kabokosi. Nyimbo inatha. Anati adzuke, mwendo unakana.

Gaudencio ndiye anafika msanga. Anamugwira m'khwapa n'kumunyamula ngati bokosi lopanda kanthu, namukhazika pampando umene wina analowetsa. Ataona mmene Otilia anagwirira kuseri kwa bondo, anagwada patsogolo pake, nakwinya manja a malaya.

"Pepani, komadre, takuvutitsani. Taimani ndikutikiteni pang'ono. Ndinaphunzira kwa inu nomwe."

Zala ziwiri zazikulu zija zinali zitatsala pang'ono kufika pa katumba wake.

"Musakhudze!"

Mawuwo anatuluka mokuwa, moti wotsogolera mapemphero anagwetsa buku, ndipo a pakhonde anasuzumira m'kati. Komadre kukalipira kompadre wake, m'nyumba ya maliro, pamaso pa anthu onse! Zoterezi kwathu sizinamvekepo. Otilia anaona nkhope zawo ndipo anazindikira kuti manyazi amene ankawaopa aja ndi amenewa, onse athunthu, ndi kuti munthu safa nawo. Mawu ake anali omwe aja, ofunika aja. Anangochedwa ndi masabata awiri.

Gaudencio anabweza manja ake n'kuwaika pachifuwa ngati awotchedwa.

"Bwanji, komadre? Ndalakwa chiyani?"

Otilia anawayang'ana manjawo nthawi yaitali. Kenako anawagwira onse awiri ndi ake onunkha mafuta aja, nawafinya.

"Palibe, kompadre," anatero. "Inu palibe chimene munalakwa."